Kutola Sikuba, Eti?

Kuseri kwa nyumba ya agogo, pakati pa nkhokwe ndi khola la nkhuku, panali njinga imene inakhala pamenepo kuyambira 2011, chaka chimene agogo aamuna anamwalira. Kunena kuti njinga ndikungoilemekeza. Inali felemu yakuda yodya dzimbiri, foloko yopindika, limu imodzi yotsala ndi masipoko owerengeka, ndi handulo imene nkhuku zinkagonapo masana. Chishalo chinatha kalekale, kunatsala masipuling'i awiri okha. Tcheni panalibe. Amayi ankayanikapo masaka, ana ankaigogoda ndi mwala akamasewera zasukulu.

Mu Juni 2024 ndinalandira kandalama ka ganyu ina yolemba mayina a alimi a mtedza m'midzi. Ganyuyo inandiphunzitsa kuti ku Mchinji kuno munthu wopanda njinga ndalama yake imathera pa kabaza. Ndinafunsa mtengo wa njinga yatsopano pa boma, ndinangoseka n'kuchokapo, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera mosayang'ana nkhope. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinazula chifelemu chija mu udzu, ndinachikutumula, n'kuchikweza pa ngolo ya munthu wina amene ankapita ku boma. Sindinapemphe aliyense. Sizinandibwerere n'komwe m'mutu kuti pali woti ndimupemphe. Kodi munthu amapempha chilolezo kuti atole chitini padzala?

Wokonza njinga amene ndinamupatsa ntchitoyi ndi bambo wachikulire amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika, zida zake zili m'bokosi lathabwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, anaigogoda ndi sipanala cha m'munsi, akumvetsera. Akuti felemu yoola m'kati imalira mosiyana ndi imene dzimbiri langoigwira pamwamba. Kenako anati, “Achimwene, iyi ili moyo. Yangogona.”

Ndinkapitako pafupifupi tsiku lililonse kwa masabata atatu, poyamba poopa kuti angandibere zitsulo, kenako chifukwa ntchitoyo inandikoka mtima. Foloko anaiwongola ndi chipaipi chachitali, pang'onopang'ono, akutsinzina diso limodzi ngati mlenje. Malo amene mapedulo amazungulirapo anali ataumiratu. Anathiramo palafini masiku atatu, lachinayi anamenya kamodzi kokha n'kumasuka. Ine ntchito yanga inali sandipepa. Ndinapala felemu yonse mpaka zala kutuluka matuza, ndipo pansi pa dzimbiri panayamba kuoneka chitsulo choyera.

Chimene sindidzaiwala ndi kumanga gudumu. Gudumu lakumbuyo la njinga zakalezi limalowa masipoko 40, ndipo iliyonse iyenera kukoka mofanana ndi inzake. Ukamanga imodzi kwambiri, limu imakhotera mbali imeneyo. Bambo aja ankazunguza gudumu, chala chachikulu chili pafupi ndi limu, akamva pakukhudza amaimitsa, amapotoza sipoko ziwiri kapena zitatu pang'ono chabe, n'kuzunguzanso. Nthawi zina ankaziliza ngati zingwe za banjo kuti amve yolefuka. Ola lathunthu pa gudumu limodzi, osayankhula. Ine amene ndimatopa ndi vidiyo ya mphindi ziwiri pa TikTok ndinakhala phee mpaka anamaliza.

Matayala, machubu, tcheni, filiwilo ndi mabuleki tinaitanitsa ku Chipata kudzera mwa mnyamata wina amene amadutsa pa Mwami kawirikawiri, chifukwa nthawi imeneyo zina zinkapezeka msanga kumeneko kusiyana ndi kudikira za ku Lilongwe. Kaliyala anaiwotcherera ndi zitsulo zomangira nyumba. Pomaliza tinaipaka penti yakuda, koma kachizindikiro kamkuwa kakutsogolo, kolembedwa kuti Humber, tinangokapukuta n'kukasiya momwemo. Ndalama yonse ya ganyu inathera pamenepo.

Ndinaipalasa kupita kumudzi Loweruka lina madzulo, belu ndikuliza popanda chifukwa. Ana anandithamangira. Agogo aakazi anatuluka, anagwira handulo, osanena kanthu. Ndiye anatulukira malume, mlongo wawo wa amayi, akuchokera kudimba khasu lili paphewa. Anaizungulira kawiri, anakanikiza tayala ndi chala, n'kunena mwaulemu wonse kuti, “Mphwanga, wachita bwino kwambiri kundikonzera njinga ya bambo anga.”

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Iwo sanaseke.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinali kukonza mlandu m'mutu, ndipo popeza sukulu ndinapitako, mfundo sizinandisowe. Ndizilemba pano momwe zinabwerera, chifukwa ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mukanaganiza chimodzimodzi.

Yoyamba inali ya paubwana: kutola sikuba. Chinthu chakhala pamvula zaka 13, nkhuku zikuchitirapo chimbudzi, mwini wake akudutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo. Ngati kumeneko sikutaya, kutaya n'kutani?

Yachiwiri ndinaitenga m'kalasi. Plutarch, mlembi wa ku Greece, anasimba za chombo cha Theseus chimene anthu a ku Athens anachisunga zaka zambirimbiri. Thabwa likaola ankalichotsa n'kuikapo latsopano, mpaka anthu oganiza anayamba kutsutsana ngati chinali chikadali chombo chomwe chija kapena china. Ine ndinawerenga zanga: matayala anga, malimu anga, masipoko anga, tcheni changa, chishalo changa, mabuleki anga, kaliyala yanga, penti yanga. Za agogo ndi felemu, foloko, handulo ndi kachizindikiro. Ndinkafuna ndikawauze malume kuti chabwino, tiyeni timasule, mutenge chifelemu chanucho mukachibwezere ku nkhokwe, ine nditenge njinga yanga m'thumba. Thomas Hobbes anawonjezapo funso lina pa nkhani ya chombo ija: nanga wina atatolera matabwa onse akale aja n'kumanga chombo chachiwiri, chenicheni chingakhale chiti? Ndinaganiza zopita kwa bambo wokonza uja kukatenga limu yakale ndi masipuling'i awiri aja, ndiwapatse malume, ndinene kuti njinga ya bambo anu ndi iyi.

Yachitatu inali ya John Locke, Mngelezi wa zaka za m'ma 1600, amene anaphunzitsa kuti munthu akasakaniza thukuta lake ndi chinthu chimene chilibe mwini, chinthucho chimasanduka chake. Matuza ndinali nawo m'manja ngati umboni.

M'mawa ndinapita kwa amayi ndi mfundo zanga zitatu. Anandimvetsera akusenda mbatata. Nditamaliza anangoti, “Pita ukawauze malume ako akuonetse chitini chili pansi pa bedi lawo.”

Sindinapite tsiku lomwelo, manyazi ndi ukali zinali zikulimbana. Nditapita mawa lake, malume sanadabwe. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini chakale cha mafuta ophikira chodulidwa pamwamba. M'katimo munali mapedulo awiri atsopano okutidwa m'pepala lapulasitiki, makotapini anayi, mabuleki a labala amene anali atauma chifukwa chokhalitsa, ndi timipira tachitsulo ta mu habu tomangidwa m'kansalu. Anati tcheni anagulanso chaka china atagulitsa fodya, koma anachigulitsa pa njala ya 2016. Tayala limodzi anagula, linapita pamene mwana wawo wamkazi anasankhidwa kupita ku sekondale. Chaka chilichonse ankati akakolola aidzutsa, ndipo chaka chilichonse kunkabwera china chofunika kuposa njinga: feteleza, maliro, malungo, fizi.

“Ndinkaiona tsiku lililonse, mphwanga,” anatero. “Ukuganiza kuti sindinkaiona?”

Apa m'pamene mfundo yanga yoyamba inagwera. Ine ndinaona chinthu chili pamvula n'kunena kuti chatayidwa. Koma kutaya ndi chiganizo cha mumtima, ndipo maso sangachione. Chimene maso amaona ndi dzimbiri basi, ndipo dzimbiri limagwira mofanana chinthu chimene mwini wake wachikana ndi chimene mwini wake akuchidikirira. Ku Amsterdam, ogwira ntchito zamumzinda amavuula njinga zoposa 10,000 m'ngalande zamadzi chaka chilichonse. Ku Canada ndi ku Britain anthu amapereka njinga zoti zikuyendabe chifukwa agula ina, ndipo mabungwe monga Africycle, amene anatsegula malo okonzera njinga ku Zomba, kapena Re-Cycle ya ku England, amazilonga m'makontena kubwera nazo ku Africa. Kumeneko mawu oti kutaya ali ndi tanthauzo lake lonse: munthu wachotsa mtima, sadzafunsanso. Koma yendani m'midzi ya kwathu kuno, kwa Mlonyeni, kwa Zulu, kwa Mkanda, muyang'ane kuseri kwa nyumba. Mupeza wilibala yopanda gudumu, wailesi yopanda sipika, mashini osokera okutidwa ndi chitenje, ngolo yogona chammbali. Funsani ngati mungatenge. Mudzamva kuti ayi, tikonza. Pakhomo pa munthu wosauka zinthu zambiri zimene zimaoneka zotayidwa zili pamzere, zikudikira ndalama.

Ndiye kusiyana kwa ine ndi malume kunali chiyani? Sikuti ine ndinkaikonda njingayo kuposa iwo. Sikuti ndinali wanzeru kapena wakhama kuposa iwo, munthu amene amadzuka 4 koloko kukathirira dimba. Ine ndinapeza ndalama yokwanira nthawi imodzi, ndilibe mwana, ndilibe munda wofuna feteleza. Iwo ndalama inkawapeza pang'onopang'ono, ndipo isanakumane ndi inzake inali itapita kale. Chimene ndinkachitcha kupulumutsa njinga chinali kufika pamzere ndi ndalama m'manja n'kudumpha munthu amene anaimapo zaka 13.

Ndi Locke yemwe ndinamuonanso mwina. Mfundo yake imagwira pa chinthu chopanda mwini, ndipo funso lonse lagona pamenepo: amene amagamula kuti chinthu chilibe mwini ndani? Nthawi zambiri ndi yemweyo akuchifuna. Azungu atafika ku America anaona malo amene eni ake sankawalima ngati mmene amalimira ku England, anati malowa angokhala. Sitiyeneranso kupita kutali. M'zaka za m'ma 1970, malo ambiri a makolo ku Mchinji ndi ku Kasungu anasanduka maesiteti a fodya, ndipo akuluakulu akumudzi akamasimba amati mawu amene ankamveka ndi omwewo, akuti malowa angokhala. Tsala limene mudzi ukulipumitsa kuti udzalime zaka zikubwerazi, kwa munthu wodutsa pa galimoto limaoneka tchire. Sindikudziyerekeza ndi mwini esiteti, nkhani yathu ndi ya chifelemu chimodzi. Koma diso limene ndinayang'anira kuseri kwa nkhokwe ndi lomwelo.

Ndinakumbukanso William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, boma loyandikana nafe. Tonse timadziwa kuti atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, anamanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola komanso njinga ya bambo ake. Timakonda kusimba za luso lake. Koma amene munaonera filimu ya Chiwetel Ejiofor ya 2019 mukukumbuka kuti pamene pali mkangano waukulu ndi pa njingayo: mwana akupempha, bambo akukana. Mnyamata amene anali ndi chifukwa chachikulu kuposa changa anayenera kupempha kaye n'kudikira. Ine, wa digiri, sindinagogode n'komwe.

Tsono musaganize kuti ndikudzimenya pachifuwa kuti malume analondola zonse. Mbali ina ya mtima wanga ikukanabe mpaka lero, ndipo ndikuona kuti ili ndi mfundo. Chitsulo sichidikira mpaka muyaya. Bambo wokonza uja anandiuza kuti ikanakhala mvula zina ziwiri kapena zitatu, madzi akanaboola pansi pa felemu, ndipo ikanangoyenera ogula zitsulo zakutha aja oyenda ndi sikelo. Chiyembekezo cha malume chinali chenicheni, koma chiyembekezo sichiletsa dzimbiri. Kodi n'chilungamo kuti chinthu chiwonongeke m'manja mwa mwini wake pamene wina akanachidzutsa? Ndipo tisanamizane, tonse tikuwadziwa achibale amene chinthu chikakhala chakufa sachiyang'ana, chikadzuka amakumbuka kuti ndi cha tonse. Nyumba ya makolo ikamadontha ilibe mwini, mwana wina akaikhoma malata eni ake amachuluka. Ndinawakayikira malume kuti ndi otero. Chitini chija n'chimene chinawapulumutsa m'maso mwanga. Koma nanga chitinicho pakanapanda? Kodi munthu ayenera kusonyeza lisiti kuti tikhulupirire kuti ankafuna chinthu cha bambo ake? Funso limeneli limandisautsa, chifukwa ndikudziwa kuti popanda chitini sindikanawakhulupirira.

Nkhaniyi inakathera pa mkeka, kwa agogo aakazi, monga zimathera nkhani zonse za pakhomo pathu. Ndinayesa kufotokoza za chombo cha Theseus m'Chichewa chosavuta, kuti zitsulo za agogo zatsalapo zinayi zokha. Agogo anaseka mpaka kutsokomola.

“Zinayi ziti, mdzukulu wanga?”

Ndinawerenga: felemu, foloko, handulo, chizindikiro.

Anati agogo aamuna anagula Humber ija ndi ndalama za ku Joni, atabwerako ulendo wawo womaliza, patatsala pang'ono kuti Kamuzu aletse Wenela ndege ija itagwa ku Francistown mu 1974. Koma felemu yake inathyoka pakhosi chaka china atasenza mabelo a fodya. Anapita ku Chipata, kumene nthawi imeneyo kunali fakitale ya Luangwa Industries yopanga njinga za Eagle, n'kukagula felemu ndi foloko kwa munthu wina. Handulo anasinthanitsa ndi mnzawo wa kumpingo. Atamaliza kumanga anakhomerapo kachizindikiro ka Humber kaja, chifukwa sankafuna kuti anthu azinena kuti atsika.

Kunangoti zii. Malume nawo sankadziwa, anali mwana nthawi imeneyo. Ndiye kuti pa njinga imene agogo anagula ndi thukuta la mumgodi, chatsala ndi kamkuwa kosakwana chikhatho cha mwana. Komabe kwa zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe pamudzi amene anaitchulapo dzina lina kusiya Humber ya agogo. Inanyamula amayi anga kupita nawo kuchipatala ali ndi pakati pa ine. Inanyamula chimanga kupita kuchigayo, mabokosi a maliro, mkwatibwi mmodzi. Zitsulo zinkabwera n'kumapita, dzina osasuntha.

Apa mfundo yanga yachiwiri inatembenuka n'kundiluma. Ndinkati popeza zitsulo zambiri ndi zanga, njinga ndi yanga. Koma ngati njinga inakhalabe ya agogo pamene felemu yeniyeniyo inasinthidwa, ndiye kuti sizitsulo zimene zinkaipanga kukhala ya agogo. Chinkaipanga ndi choti aliyense amene ankaikapo chitsulo chatsopano ankachiika pa njinga ya agogo, akudziwa kuti akukonza yomweyo, osati kumanga ina. Ndipo ine ndemwe, bwanji sindinagule felemu ina yakale kwa bambo wokonza uja, pamene anali nazo zitatu zitapachikidwa mumtengo? Bwanji kachizindikiro kaja ndinakapukuta mosamala chonchija osakapaka penti? Ndinkafuna Humber ya agogo. Ndinalowa mumzere wa oikonza ndi mtima wonse, kenako pofuna kupambana mlandu ndinayamba kunena kuti ndi njinga yatsopano. Zonse ziwiri sizikanatheka.

Agogo sanagamule kuti wolakwa ndani. Anafunsa malume kuti njinga akufuna achite nayo chiyani. Anati mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, wangokhala chilembereni mayeso a Fomu 4, ndipo akanakhala ndi njinga bwenzi akupalasa kabaza pakati pa boma ndi chipata cha Mwami, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Njinga zamoto zalanda makasitomala ambiri, koma amayi a geni onyamula matumba amakondabe yakapalasa chifukwa ndi yotchipa. Anandifunsa ine. Ndinati ndimafuna yoyendera ndikapeza ganyu ina. Agogo anati, “Ganyuyo waipeza?” Ndinati ayi.

Tinagwirizana kuti njinga ikhale kwa malume, msuweni azipalasa, ndipo azindibwezera ndalama zimene ndinawononga pang'onopang'ono. Ndikaifuna pa ntchito ndizinena kusanache. Za matuza anga palibe anatchulapo, ndipo nditayesa kukumbutsa, amayi anandiyang'ana diso limene limatseka pakamwa. Sindinakhutire kwenikweni. Masabata atatu a sandipepa aja sanalowe m'kaundula wa aliyense, ndipo mtima wina umandiuzabe kuti ndinaluza. Malume anachotsa mapedulo amene ndinagula ine n'kuikapo awo a m'chitini aja. Sanafotokoze chifukwa, inenso sindinafunse.

Msuweni amatumiza ndalama pa Airtel Money akakumbuka, ndipo sakumbuka kawirikawiri. Mwezi watha ndinatsika minibasi pa boma ndili ndi chikwama cholemera, ndinamupeza pa siteji, ataika kakhushoni kofiira pa kaliyala, tayala lakumbuyo atasintha kale, belu lina lachilendo lili pa handulo. Ndinakwera. Titafika pakhomo ndinatsika n'kuyamba kulowera kunyumba.

“Asuweni,” anandiitana, dzanja atatambasula. “Simunalipire.”

Ndinamuuza kuti achotsere pa ngongole. Anati ngongole ndi ya bambo ake, kabaza ndi wake. Ndinamupatsa K1,000, ndipo chenji anati alibe.